Njinga pa Misewu ya Fumbi: Kuchokera pa Nsanama Kupita Mbali Zonse

Lero tikambirana za njinga yopalasa ndi misewu ya fumbi ya m'mapiri, ndipo tiyambira pa Nsanama m'boma la Machinga.

Munthu akaima pamsika wa Nsanama m'mamawa, dzuwa lisanawombe, amaona njinga zikutuluka m'tinjira tonse ngati nyerere zochoka kuuna. Ina yanyamula matumba a mpunga, ina dengu la matemba a ku Chilwa, ina mbuzi yomangidwa miyendo, ina mayi wodwala amene akumuthamangitsira kuchipatala. Msewu waukulu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja ndi wa phula, koma pafupifupi njinga zonsezi zafika paphulapo zitayenda kale mtunda wautali m'fumbi, m'miyala ndi mumchenga. Zimaoneka ndi mtundu wa matayala ake, ndiponso ndi miyendo ya eni ake.

Chimene chandichititsa kusankha nkhaniyi ndi ichi. Ku France kuli mpikisano wa njinga wotchuka padziko lonse, wotchedwa Tour de France, umene udayamba m'chaka cha 1903. M'chaka cha 2024 okonza mpikisanowo adachotsa dala akatswiri awo paphula tsiku limodzi n'kuwalowetsa m'tinjira ta miyala yoyera ta m'minda ya mphesa, kufupi ndi mzinda wa Troyes. Ulendo wa tsikulo udali wa makilomita 199, ndipo makilomita 32 mwa amenewa adali a fumbi, ogawidwa m'zigawo 14. Adapambana ndi Mfalansa wina dzina lake Anthony Turgis. Anthu adakhamukira m'mbali mwa tinjirato kukaonera anyamata akupuma fumbi. Kumadzulo kwa dziko lomwelo, m'chigawo cha Brittany, kuli mpikisano wina wotchedwa Tro-Bro Léon, umene udayamba m'chaka cha 1984, wodutsa m'njira za alimi zopita kuminda. Mwana wa m'deralo amene wachita bwino kuposa anzake amamupatsa kamwana ka nkhumba. Kukadakhala kuno kwathu ku Machinga, ndikhulupirira tikadagwirizana za mbuzi.

Tsono ku Ulaya masiku ano kuli anthu ochuluka amene amagula njinga zopangidwira misewu ya fumbi, namathera tchuti chawo akukwera ndi kutsika timapiri ta kumidzi. Chimene iwo amachita posangalala, ife timachita kuti ana adye. Ena akamva zimenezi amaseka, koma ine sindiseka kwenikweni, chifukwa anthu amenewa adakhala pansi n'kuganizira mwakuya za momwe gudumu limayendera padothi. Zambiri zimene adapeza n'zomwezo zimene wakabaza wa pa Nsanama amazidziwa m'miyendo mwake, ngakhale sangazilongosole. Mfundo yake yaikulu njakuti pamsewu wa fumbi, kutalika kwa ulendo sikuyesedwa ndi makilomita okha. Amene amalamula ndi chitunda, nthaka ndi nyengo, ndipo njira yachidule kawirikawiri ndiyo imachedwetsa.

Tiyeni tione kaye momwe dziko lidakhalira pozungulira Nsanama. Kumadzulo kuli mapiri a nkhalango ya Liwonde, ndipo kuseri kwake dziko limatsetsereka mpaka kumtsinje wa Shire. Pa Liwonde mtsinjewo uli pansi pa mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Chilwa, imene ili mbali inayo ya mapiri, ili pamwamba pa mamita 600. Motero wochoka ku Liwonde kubwera ku Nsanama amakwera, ndipo wopita ku Liwonde amatsika. Kummwera kuli mapiri a Chikala, kumene Mfumu Kawinga idali ndi linga lake mpaka m'chaka cha 1895 pamene asilikali a boma la Angerezi adalilanda. Kutsinde kwa mapiri amenewa, cha ku Mposa, n'kumene kumayambira madambo a Chilwa. Kum'mawa dziko ndi lathyathyathya mpaka ku Nayuchi, m'malire ndi Mozambique. Munthu mmodzi, ndi njinga imodzi, angathe kukumana ndi miyala ya m'phiri, katondo, mchenga ndi makande dzuwa lisanafike paliwombo. Chilichonse mwa zimenezi chimafuna mayendedwe akeake.

Tiyambe ndi chitunda, popeza ndicho chimene aliyense amadandaula nacho.

Taganizani za bambo wolemera makilogalamu 60, njinga yake ya makilogalamu 20, ndi matumba awiri a mpunga a makilogalamu 50 lililonse. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 180. Pamalo athyathyathya kulemera konseku kumatsamira pansi, ndipo bamboyo amangolimbana ndi mphepo ndi kukhakhala kwa msewu. Koma afike pachitunda chimene chimakwera mita imodzi pa mamita 10 alionse. Pamenepo gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kuja limatembenuka n'kuyamba kumukokera m'mbuyo. Amenewo ndi makilogalamu 18, pafupifupi ndowa yodzaza madzi, ndipo ndowayo simutula mpaka mutafika pamwamba. Chitunda chikakhala chofatsa, chokwera mita imodzi pa mamita 20, kukokako kumatsika kufika pa makilogalamu 9. N'chifukwa chake njira yozungulira phiri, ngakhale italike kawiri, imatheka kupalasa, pamene yolunjika pamwamba imakutsitsani n'kukukankhitsani njinga. Makolo athu adazidziwa zimenezi asanaone sukulu. Taonani tinjira takale ta m'mapiri: timapita mokhotakhota, motsata nthiti za phiri.

Chachiwiri pachitunda ndi mano a njinga. Kutsogolo, pamene pali mapedulo, pali chitsulo chachikulu cha mano. Kumbuyo, pagudumu, pali kena kakang'ono kamene amakaniko amati fuliwilo. Njinga zambiri zamtundu wakale, zonga Humber ndi Raleigh za agogo athu ndi zinzake zochokera ku India, zimakhala ndi mano 44 kapena kuposerapo pang'ono kutsogolo, ndi mano 18 kapena 20 kumbuyo. Gudumu la mainchesi 28 likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.2. Tsono ngati mano ali 44 ndi 18, mukapalasa kamodzi gudumu limazungulira kawiri ndi theka kuchepera pang'ono, ndipo mwayenda pafupifupi mamita 5.4. Paphula lathyathyathya zimenezi n'zokoma. Pachitunda ndi chilango, pakuti mwendo umodzi ukukankha katundu yense mtunda wautali pa kuponda kumodzi.

Muikepo fuliwilo ya mano 22. Tsopano kupalasa kumodzi kukuyendetsani mamita 4.4 okha. Mwataya liwiro pang'ono, koma kuponda kulikonse kwapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena kufupi ndi pamenepo. Pamafunika kuwonjezera mfundo zingapo patcheni, ntchito imene makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango amaitha nthawi yochepa. Ine ndimadabwa kuti anthu a kumapiri amagula njinga monga momwe yabwerera m'sitolo, yoyenera misewu ya m'tauni, n'kumaikankha zaka khumi osasintha kachitsulo kamodzi kokha. Njinga za fumbi za ku Ulaya zija zimakhala ndi magiya ofika poti mano akutsogolo ndi akumbuyo amafanana, kotero kuti kupalasa kamodzi ndi mamita 2.2 basi. Munthu amakwera phiri atakhala pachishalo, akucheza ndi mnzake.

Nzeru imeneyi nayonso idavutikira kulandiridwa. Mfalansa wina, Paul de Vivie, amene ankadzitcha Vélocio, wa mumzinda wa m'mapiri wa Saint-Étienne, adatha zaka zambiri akulimbikitsa anthu kuti njinga izikhala ndi magiya osinthasintha. Akuluakulu a mipikisano ankati zimenezo n'za anthu ofooka. M'chaka cha 1910, pamene Tour de France idakwera koyamba mapiri aatali a Pyrenees, misewu yake idali ya miyala ndi dothi, yosasiyana kwenikweni ndi ya ku Chikala. Pamalo otchedwa Tourmalet msewu umafika mamita 2,115, kuposa pang'ono nsonga ya phiri la Zomba. Octave Lapize, amene adapambana mpikisano wa chaka chimenecho, adatsika n'kumakankha njinga yake m'malo ena. Magiya osinthira munthu ali pachishalo adaloledwa kwa onse mumpikisanowo m'chaka cha 1937. Choncho inu amene mumachita manyazi kutsika pachitunda atsikana akamatunga madzi pamjigo, dziwani kuti katswiri wa dziko la France adatsikapo.

Koma chitunda sichipha munthu. Umapha ndi mtsetse, ndipo apa ndipempha kuti mutchere khutu.

Ndisanayambe ntchito ya pawailesi ndidali mphunzitsi. Nditangotuluka kukoleji adanditumiza kusukulu ina ya kumapiri a dera lomweli, ndipo malipiro anga oyamba ndidagulira njinga yogwiritsidwapo kale ntchito. Buleki yakumbuyo idali yotha, koma ndinkati ndidzakonza mwezi ukatha. Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, mvula itangokata, ndidanyamula mtolo wa makope a ana pakaliyala n'kuyamba kutsika. Pakati pamtsetse, pamene njira imakhotera kukamlatho, ndidagwira mabuleki onse awiri, ndipo njinga sidamve chilichonse. Ndidafinya kolimba. Mwadzidzidzi buleki yakutsogolo idaluma, gudumu lidaterereka pa nsangalabwi, ndipo ndidapezeka ndili m'ngalande, phewa litaguluka, makope a Sitandade 6 ali mbwee m'matope. Amene adandidzutsa adali gogo wina wochokera kumunda. Atandiyang'ana adangoti, "Aphunzitsi, phirili timatsika ndi miyendo mvula ikagwa." Adanena zoona, ndipo ndidatha masabata angapo ndikulemba pabolodi ndi dzanja lamanzere.

Chidachitika n'chiyani? Mabuleki a njinga zathu ndi timphira tofinya limu yachitsulo. Limu ikanyowa, madzi amakhala pakati pa mphira ndi chitsulo, ndipo gudumu limayenera kuzungulira kangapo kuti mphira upukute madziwo usanayambe kugwira. Pa nthawi imeneyo munthu amaganiza kuti buleki yafa, amafinya ndi mphamvu zonse, ndiye ikagwira imagwira kamodzin'kamodzi. Padothi louma lolimba mwina mungapulumuke. Pa timiyala toyendayenda, gudumu lakutsogolo likangoima, njinga imagwa nthawi yomweyo, popeza ndilo limene limawongolera.

Pali lamulo lina la chilengedwe limene ndinkaphunzitsa ana koma osaligwiritsa ntchito ine mwini. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti muime suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi. Ngati pa liwiro lofatsa mumaima pa mamita 5, pa liwiro lowirikiza mufuna mamita 20. Wonjezanipo matumba awiri aja, ndipo timphira tiwiri tating'ono ngati chala tikuyenera kuimitsa makilogalamu 180. N'chifukwa chake liwiro liyenera kuchepetsedwa pamwamba pa mtsetse, njinga isanathamange, osati pakati. Gwirani mabuleki pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi kuti limu iume. Pa timiyala dalirani kwambiri yakumbuyo, yakutsogolo muzingoisisita. Malizani kuchepetsa liwiro musanalowe pokhota, chifukwa tayala silingathe kukhota ndi kuima nthawi imodzi pamalo oterera. Ndipo maso anu akhale pamene mukufuna kudutsa, osati pamwala umene mukuuopa. Njinga imatsata maso.

Ndaonapo anyamata onyamula makala akutsika mapiri olowera ku Liwonde, matumba atatu kapena anayi atasanjikizana kupitirira mutu, buleki yawo ili chidendene cha patapata chopondera patayala. Ena amamangirira nthambi ya mtengo kumbuyo kuti izikokeka pansi. Ndi luso, sindikana, koma ndi luso la munthu amene wabetcha moyo wake pa mtengo wa timphira tiwiri. Katundu wosanjikizidwa m'mwamba amapangitsanso gudumu lakutsogolo kupepuka, kotero kuti chiwongolero chimayamba kunjenjemera. Katundu wolemera akhale m'munsi, m'mbali ziwiri za gudumu mofanana, ndipo asapitirire kwambiri kumbuyo kwa kaliyala. Kwa a kabaza ndinene ichi: pamtsetse woopsa, pemphani wokwera atsike. Mayi woyembekezera angakwiye kuti mwamuyendetsa pansi mamita 100, koma akafika kuchipatala.

Tsopano titembenukire kum'mawa, njira ya ku Nayuchi. Kumeneko mapiri atha, ndipo mlendo amaganiza kuti mavuto athanso. Pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta pali mtandadza wa mchenga umene udalekanitsa nyanja ziwirizi kalekale, ndipo njanji yochokera ku Nkaya kudzera pa Liwonde kupita ku Nayuchi, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1970, idatsata mtunda umenewu pothawa madambo. Ngakhale msewu waukulu ukonzedwe chotani, tinjira topatukira kumidzi, kuminda ya mpunga ndi kumadoko ndi ta mchenga ndi makande.

Mchenga ndi makande zili ngati akazi awiri a mitala: wina akakondwa, wina wakwiya. M'chilimwe makande amauma gwa, ndipo ngakhale amang'ambika ming'alu, njinga imathamangapo. Pamenepo mchenga uli wofewa, ukumeza matayala. Mvula ikagwa mchenga umagwirana n'kukhala msewu wabwino, koma makande amasanduka ulimbo. Amakanirira kutayala, amadzaza pakati pa tayala ndi madigadi, mpaka gudumu limaleka kuzungulira ndipo mwini njinga amaisenza paphewa. N'chifukwa chake ogula nsomba ozolowera amakhala ndi njira ziwiri zopitira kudoko limodzi, ina ya dzinja, ina ya chilimwe, ndipo ambiri amachotseratu madigadi mvula ikayamba. Nyanja ya Chilwa nayo imasuntha. Idaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, ndipo idatsala pang'ono kutheratu m'chaka cha 2018. Pa nyengo zotere anthu ankapalasa njinga pamene kale ankapalasa bwato. Koma madzi atabwerera mwamphamvu, makamaka pambuyo pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, njira zambiri za m'mphepete zidamira. Amene adadutsa malo zaka zitatu zapitazo asanene kuti akuidziwa njira.

Pamchenga chinsinsi chili mumpweya wa m'tayala. Ambiri a ife timapopa mpaka tayala lilire ngati ng'oma, poganiza kuti kulimba ndiko kuthamanga. Paphula losalala n'zoona ndithu. Koma tayala lolimba kwambiri limagunda pansi ndi kamalo kakang'ono, ndipo pamchenga limacheka ngati mpeni n'kuzama. Mukachotsako mpweya pang'ono limaphwatalala, limayandama pamwamba. Chimodzimodzinso pamisewu ija imene magalimoto adaisiya ndi timizere tonga ta lata: tayala lolimba limadumphadumpha, ndipo mphamvu zanu zimathera m'kugwedeza thupi ndi katundu m'malo mopita patsogolo. Akatswiri a ku Ulaya adazindikira zimenezi mochedwa. Kwa zaka zambiri ankathamanga ndi matayala opyapyala ngati chala; lero pafumbi amaika a mamilimita 40 kapena kuposa, opopedwa mofewa. Tayala la njinga zathu zakale ndi la inchesi imodzi ndi theka, ndiye kuti mamilimita 38. Agogo athu adali pafupi ndi yankho nthawi yonseyi.

Komabe pali malire. Mukafewetsa kwambiri, makamaka muli ndi katundu, tayala likagunda mwala limu imatsina chubu n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana, ngati polumidwa ndi njoka. Mukaona timabowo totere dziwani kuti si minga, ndi kuchepa kwa mpweya. Motero wonyamula matumba apope lakumbuyo molimba, afewetseko lakutsogolo lokha. Polowa mumchenga khalani chakumbuyo pachishalo, musagwire chiwongolero mwankhanza, musakhote mwadzidzidzi, ndipo musaleke kupalasa. Akulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene waima pakati sayambanso.

Pali yesero limodzi m'dera limeneli limene ndiyenera kulitchula. Mvula ikagwa, malo ouma okha amakhala m'mbali mwa njanji, ndipo anthu amakopeka kuyendamo, ngakhale kuwolokera pamilatho ya sitima. Njanji imeneyi idakonzedwanso kuti izinyamula malasha ochokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kupita kudoko la Nacala. Sitima zake n'zazitali ndi zolemera kwambiri, ndipo woyendetsa ngakhale akuoneni sangathe kuima pafupi. Munthu wokankha njinga ya matumba awiri pakati pa mlatho alibe kothawira.

Za kutsidya kwa Shire ndinena mwachidule. Mukawoloka pa Kamuzu Barrage, imene idamangidwa m'chaka cha 1965, mwalowa m'boma la Balaka, limene lidali mbali ya Machinga mpaka m'chaka cha 1998. Kumeneko ndi dziko la malambe ndi thonje, zitunda zake n'zofatsa, ndipo tinjira topita cha ku Utale ndi ku Nkaya timadutsa m'timitsinje touma timene timadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda, ngakhale pamene mwaimapo pali dzuwa. Adani a njinga kumeneko ndi awiri, minga ndi kutentha. Pa minga, amakaniko ena amadula tayala lakutha n'kuliyala m'kati mwa latsopano kuti chubu chitetezeke. Njinga imalemerako, koma mumafika. Ndipo mukamata chigamba, yendetsani chala m'kati mwa tayala lonse musanabwezeremo chubu, pakuti munga umene waboola kamodzi ukadali momwemo kudikira. Pa kutentha, m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala chigwa cha Shire chimakhala ng'anjo. Vélocio uja ankalangiza anzake kuti azimwa ludzu lisanawagwire ndi kudya njala isanawapweteke, ndipo langizo limeneli likuyenera Balaka kuposa France. Munthu amene wayamba kumva chizungulire kapena waleka kutuluka thukuta padzuwa, atsike, akhale pamthunzi, amwe madzi, adikire dzuwa lipendeke.

Fumbi lili ndi ntchito ina yobisika. Ambiri timathira oyilo wakuda wa galimoto patcheni mpaka kudontha, poganiza kuti tikuisamala njinga. Fumbi likakanirira pa oyiloyo limapanga phala lokhakhala longa la mwala wonolera, ndipo limadya tcheni ndi mano omwe. Tcheni chotha chimadumpha mano pamene mwaponda mwamphamvu, ndiye kuti pachitunda, mutaimirira pamapedulo, ndipo amuna amene zidawachitikira safuna kuzikumbukira. Tsukani tcheni ndi parafini, chiume, thirani kadontho pamfundo iliyonse, kenaka pukutani kunja konse ndi kansanza. Mafuta amafunika m'kati mwa mfundo, osati kunja. Masipoko nawonso muziwagwira kamodzi pa sabata. Imodzi ikaduka, zinzake zoyandikana nayo zimasenza katundu wake, ndipo pamsewu wa mabampu zimatsatira msanga.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachitira nsanje anthu a ku France, ndipo si njinga zawo. Iwo njira zawo za kumidzi adazijambula pamapu, ndipo mapuwo amasonyeza pamene pali chitunda, kutalika kwake, ndi mtundu wa nthaka. Munthu asananyamuke amadziwa kuti akwera mamita angati. Ife mapu athu ali m'mitu ya anthu: wakabaza wa pasiteji, mayi wogulitsa tomato, mlangizi wa zaumoyo amene amazungulira midzi ndi katemera. Mapu amenewa ngabwino kuposa a papepala pa chinthu chimodzi, amadziwa za dzulo. Vuto lake ndi lakuti timafunsa funso lolakwika. Timati, "Kodi n'kutali?" ndipo Mmalawi aliyense, mwa ulemu wake, amayankha kuti, "Ayi, m'pafupi pomwepa." Funsani motere m'malo mwake: Kodi mwadutsako liti? Kamlatho kaja kalipo? Mudali ndi katundu? Mudatsika kangati? Wokuyankhani mafunso anayi amenewa wakupatsani ulendo wonse.

Ndipo njirazo zikusintha mofulumira kuposa kale, pa chifukwa chimene tonse tikuchiona. Mapiri a nkhalango ya Liwonde ndi a Chikala akumetedwa. Phiri likakhala ndi mitengo, madzi a mvula amalowa pansi pang'onopang'ono. Likakhala lambee, madzi amathamanga pamwamba, ndipo njira yapafupi imene amapeza ndiyo kanjira ka njinga komweko. Chaka choyamba pamakhala kamzere, chachiwiri ngalande, chachitatu chigwembe choti ng'ombe ingagweremo. Mnyamata wa makala uja, amene sindikumuweruza popeza ndikudziwa chimene chamutuma kuphiri, akukumba yekha dzenje limene lidzathyole foloko ya njinga yake. M'midzi ina anthu amatuluka ndi makasu mvula isanayambe, kukumba timigula topatutsa madzi m'mbali mwa njira pa mitunda ifupiifupi, ndi kuthira miyala pamene madzi amawoloka. Ntchito ya m'mawa umodzi yotere imasunga njira dzinja lonse, ndipo mafumu amene amaitanitsa ntchitoyi m'mwezi wa Okutobala, osadikira Januwale, midzi yawo siidulidwa kuchipatala.

Wina adandilembera kalata kufunsa kuti, kwa munthu wofuna kuyenda ulendo wochoka ku Liwonde kukwera ku Nsanama n'kupatukira m'tinjira ta kumapiri, nyengo yabwino ndi iti. Yankho langa ndi miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi. Matope amakhala atauma, mchenga usanafewe kwambiri, mitsinje yaphwera, ndipo kunja kukuzizira. Nyamukani kukangoyera, kuti chitunda chachikulu muchimalize dzuwa lisanakwere. M'thumba mukhale pampu, zigamba ndi zomatira zake, sipanala, masipoko awiri kapena atatu omangirira kuchitsulo cha njinga, kachingwe ka mphira, botolo la madzi ndi chinangwa chophika kapena mtedza. Pobwerera muwerengere kuti mdima usakupezeni pamtsetse, ndipo ngati mulibe nyali, gonani kwa abale. Musananyamuke, imani pambali pa njinga, finyani buleki iliyonse payokha n'kuikankha. Gudumu likazungulirabe, ulendo wanu woyamba ndi wa kwa makaniko.